Maphunziro oyankhulira ovutika pa PhD ya counseling psychology ku America: zomwe mumapezamo ndi pomwe amaterereka

Tiyerekeze kuti mayi wina wafika m'chipinda cha uphungu pakiliniki ya yunivesite ina ku United States. Tulo sakutiona, mtima ukungogunda, chakudya sichikulowa. Mukafunsitsitsa mupeza kuti mwini nyumba wamupatsa kalata yoti atuluke, ndipo ku inshulansi ya boma ya Medicaid amuchotsa chifukwa fomu yake inapita ku adiresi yakale. Wophunzira amene anangosulidwa pa uphungu wa munthu mmodzimmodzi adzamuphunzitsa kapumidwe kotsitsa mtima ndi njira zogwirira maganizo osautsa. Palibe cholakwa pamenepo, zimathandizadi. Koma mayiyo akamatuluka, kalata ija ikadali m'chikwama.

Maphunziro amene tikuwaunika pano anabadwa chifukwa cha kalata ngati imeneyo. Ndi gawo la PhD ya counseling psychology (digiri yapamwamba ya saikoloje ya uphungu) limene limachotsa wophunzira m'chipinda n'kumutumiza kubungwe la m'dera, kusukulu kapena kukhoti, kuti akaphunzire kulimbana ndi zomwe zikudwalitsa anthu, osangoti ndi matendawo. Ku Boston College amawatcha First Year Experience, ku University of Tennessee mumzinda wa Knoxville amawatcha social justice practicum, kutanthauza kuphunzira pogwira ntchito yolimbikitsa chilungamo pakati pa anthu. Chigamulo chathu tinenerethu: pomwe gawoli lili ndi maola ake, woyang'anira wake ndi bungwe lomwe lili ndi mawu pantchitoyo, ndi limodzi mwa magawo aphindu kwambiri pa digiri yonse. Pomwe langokhala mawu okometsera pa webusaiti ya sukulu, musalilipirire ngakhale tambala.

Gwero lake silitenga nthawi kufotokoza. Ntchito ya uphungu ku America amati inayamba ndi Frank Parsons, amene mu 1908 anatsegula ofesi ku Boston yothandiza achinyamata osauka ndi ana a anthu obwera kupeza ntchito yowayenera. Msonkhano wa ku Boulder wa mu 1949 unakhazikitsa kuti katswiri wa saikoloje azikhala wofufuza komanso wothandiza odwala. Mphika unakhala pa mafuwa awiriwo zaka zambiri, mpaka mu 2000 pamene Ruth Fassinger ndi Karen O'Brien ananena kuti pakufunika fuwa lachitatu, la kuyankhulira anthu. Msonkhano wa akatswiriwa wa ku Houston mu 2001 unatenga nkhaniyi mwamphamvu, ndipo mu 2003 Elizabeth Vera ndi Suzette Speight anadzudzula anzawo kuti kudziwa zikhalidwe zosiyanasiyana kulibe ntchito ngati chidziwitsocho chikungothera pampando wa uphungu.

Zomwe zili m'phukusili

Ku Boston College, malinga ndi momwe Lisa Goodman ndi anzake anafotokozera mu 2004, wophunzira wa chaka choyamba amathera maola 6 pa sabata kumalo a m'dera, ndipo sapita kumeneko kukapereka uphungu wa nthawi zonse. Amakagwira ntchito yoteteza mavuto asanafike, yolumikiza mabungwe, kapena yosintha ndondomeko. Mukawerengera masemesita awiri a masabata pafupifupi 15 iliyonse, mupeza maola cha m'ma 180. Ntchito yonse imayenda pa mfundo 6: kudziunika nthawi zonse, kugawana mphamvu ndi amene mukuwathandiza, kuwapatsa mpata woyankhula, kuwathandiza kuona gwero la mavuto awo, kumanga pa zomwe ali nazo kale, ndi kuwasiyira zida pochoka. Mfundo yomalizayo muigwire, tibweranso kwa iyo.

Ku Tennessee anapita patali, anasintha dzina la ndondomeko yonse ya maphunziro kukhala scientist-practitioner-advocate (wofufuza, wothandiza odwala ndi woyankhulira anthu), monga anafotokozera Brent Mallinckrodt, Joseph Miles ndi Jacob Levy mu 2014. Kumeneko practicum imatenga masemesita awiri, wophunzira amagwira ndi bungwe la m'dera, ndipo pambali pake pali maphunziro otsogolera zokambirana za magulu osiyana, monga akuda ndi azungu kapena amuna ndi akazi. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu kuposa momwe kumaonekera. Ya chaka choyamba imaumba munthu dongo likadali lofewa, asanazolowere kuti vuto lililonse lili m'mutu mwa wodwala, koma amapita kubungwe ali ndi luso lochepa loti angaperekeko. Practicum ikaikidwa m'zaka zapakati, bungwe limalandira munthu wodziwa kale kufufuza ndi kuwerengera, koma amene dissertation, kafukufuku wamkulu womalizira digiri, yamukwera pakhosi. Ife timakondera yoyambirirayo ngati mbewu, koma ngati sukulu ili ndi imodzi yokha, ya m'zaka zapakati ndi imene imasiyira bungwe kanthu kogwirika.

Chida chomwe masukulu ambiri amagwiritsa ntchito ndi tebulo la American Counseling Association lomwe linavomerezedwa mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2018. Lili ndi mabokosi 6. Mbali imodzi ikufunsa kuti mukugwira pamlingo uti: wa munthu mmodzi, wa sukulu kapena dera, kapena wa dziko. Mbali ina ikufunsa ngati mukuchita pamodzi ndi mwini vuto kapena mukuchita m'malo mwake. Kwa mayi uja, kukhala naye pansi n'kukonzekera zomwe akanene yekha kuofesi ya Medicaid ndi bokosi lina, kuimba inuyo foni ndi bokosi lina, kusonkhanitsa alendi onse a pamalopo ndi lina, kukaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ndi linanso. Tebuloli ndi losavuta moti ena amalipeputsa, koma limaletsa kulakwa kofala kwambiri kwa ophunzira atsopano, komwe ndi kuthamangira kuimba foni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukatsekulira munthu amene akanatha yekha, wamulanda kanthu, ndipo tsiku lomwe iwe kulibe adzaima pakhomo lomwelo.

Mmene chaka chimayendera chikayenda bwino

Chinthu choyamba ndi pangano lolembedwa pakati pa sukulu, bungwe ndi wophunzira. Lizinena maola a pa sabata, dzina la udindo wa amene aziyang'anira wophunzira pabungwepo, mwini wa zomwe zifufuzidwe, ndi amene angayankhule ndi atolankhani. Mapangano ongogwirana chanza amasweka mu Febuluwale, wophunzira akafuna kulemba pepala la kafukufuku ndi nkhani za anthu omwe sanauzidwe.

Kenako masabata 4 mpaka 6 omvetsera basi. Kukhala pamisonkhano ya ogwira ntchito, kuthandiza kulandira alendo, kuyika mipando. Ophunzira ambiri amaona ngati nthawi ikutayika, ndipo apa ndi pomwe woyang'anira wabwino amaonekera, chifukwa amawagwira dzanja kuti asayambe kupereka nzeru. Zikatha izi pamabwera kafukufuku wa zosowa: kucheza ndi ogwira ntchito ndi olandira thandizo, zokambirana za m'magulu a anthu 6 mpaka 10, ndi kuwerenga zolembedwa zomwe bungwe lili nazo kale. Ngati pali ganizo lodzasindikiza zotsatira, chilolezo cha komiti ya yunivesite yoteteza anthu pa kafukufuku, IRB, chipemphedwe mu Seputembala momwemo, chifukwa chimadya masabata ndipo sichiperekedwa pa ntchito yomwe yachitika kale.

Gawo lomwe timalitama kwambiri ndi lojambula mapu a mphamvu. Wophunzira amalemba yemwe angathe kunena kuti inde n'kusinthadi chinthucho, yemwe amamveredwa ndi munthu ameneyo, yemwe akupindula zinthu zikakhala momwe zilili, ndi yemwe angatsutse. Nthawi zambiri mapuwa amaonetsa kuti vuto silikufuna lamulo latsopano. Likufuna kalaliki mmodzi asinthe fomu, kapena kiliniki itsegule madzulo tsiku limodzi pa sabata, kapena pakhale womasulira wa Chisipanishi pa foni. Pamapeto pake pamatsala pempho limodzi lokha, loti likakwaniritsidwa aliyense aona. "Tikufuna chilungamo pa nkhani ya nyumba" si pempho. "Tikufuna kalata yotulutsa munthu izibwera ndi nambala ya foni ya maloya aulere" ndi pempho.

Semesita yachiwiri ndi yochita: chikalata cha tsamba limodzi chopita kwa opanga ndondomeko, umboni wa mphindi ziwiri kapena zitatu pamaso pa komiti, maphunziro a ogwira ntchito, kapena nkhani ya m'nyuzipepala. Kufinya masamba 40 a kafukufuku kukhala tsamba limodzi lomwe mlembi wa phungu angawerenge ataimirira ndi luso lomwe PhD wamba siphunzitsa. N'zoseketsa kuti m'Chichewa mawu oti phungu timatchulira wolangiza komanso wa ku Nyumba ya Malamulo. Maphunzirowa ntchito yake yeniyeni n'kuphunzitsa phungu woyambayo kuyankhula ndi wachiwiriyo.

Pomwe amaterereka

Vuto lalikulu ndi kalendala. Wophunzira amafika akudziona ngati mlendo uja wobwera ndi kalumo kakuthwa, pamene bungwe likudziwa kuti mlendo ndi mame. Mu Meyi achoka, mu Seputembala kubwera wina woti amuonetse pomwe pali chimbudzi ndi makina a fotokope. Ndondomeko za boma siziyendera masemesita. Nyumba ya malamulo ya Tennessee imakhala kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo mabilu amaperekedwa koyambirira kwenikweni, nthawi yomwe wophunzira akungomaliza kumene kafukufuku wake wa zosowa. Akamati wakonzeka, sitima yapita, adikire chaka chamawa chomwe iye adzakhala kwina. Masukulu ochenjera amagwira bungwe limodzi zaka zingapo, gulu lililonse n'kumalandira ntchito pomwe anzawo anasiyira, ndi faelo yolembedwa bwino ya zomwe zayesedwa, omwe ayankhulidwa ndi zomwe analonjeza. Mfundo yosiya zida ija tanthauzo lake ndi limeneli. Fomu yowerengera zotsatira yomwe imafuna pulogalamu ya kompyuta imene yunivesite yokha ndi yomwe ili ndi laisensi yake si chida, ndi katundu wosiyira anthu.

Lachiwiri ndi la maola. Chaka chomaliza cha PhD ndi internship ya maola pafupifupi 2,000, ndipo malo amapezeka kudzera m'ndondomeko ya APPIC, bungwe lolumikiza ophunzira ndi malo a internship: mafomu cha mu Novembala, mafunso mu Disembala ndi Januwale, zotsatira mu Febuluwale. Fomuyo ili ndi malo olembapo ntchito ya m'madera ndi yosintha kayendetsedwe ka mabungwe, koma zipatala zambiri posankha zimayang'ana kaye maola okhala maso ndi maso ndi wodwala, ndi malipoti oyeza maganizo. Wophunzira si chitsiru, amawerengera. Sabata ikathina, chomwe chimadulidwa ndi msonkhano wa kubungwe. Mayeso a laisensi a EPPP nawonso safunsa ngati mumadziwa kulemba chikalata chopita kwa phungu. Bola ndondomeko ya laisensi ikadali chonchi, fuwa lachitatu lidzakhala lalifupi.

Lachitatu ndi woyang'anira. Aphunzitsi ambiri anaphunzira nthawi yomwe gawoli kunalibe. Amadziwa kumvetsera tepi ya uphungu n'kuloza pomwe wophunzira anadula wodwala mawu, koma sanayambe aimapo pamaso pa komiti ya khonsolo. Zikatero kalasi imasanduka yowerenga ndi kulemba za mumtima, za Paulo Freire, katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, ndi Ignacio Martín-Baró, wansembe ndi katswiri wa saikoloje amene anaphedwa ndi asilikali ku San Salvador mu Novembala 1989. Kuwerengako n'kofunika, koma munthu angathe kulemba masamba okoma onena za mwayi womwe anabadwa nawo osadziwa kuti apilo ya Medicaid imayamba ndi fomu iti. Chomwe chimagwira ntchito ndi oyang'anira awiri, wa kuyunivesite wokhala ndi laisensi ndi wa pabungwe wodziwa mabwalo, ndipo onse atatu azikumana pamodzi kawiri kapena katatu pa semesita.

Pa chinsinsi cha wodwala mpomwe anthu amapsa kwenikweni. Malamulo a khalidwe a American Psychological Association (APA) ali ndi mfundo ya chilungamo, koma alinso ndi ndime 3.05 yokhudza kukhala ndi maubale awiri ndi munthu mmodzi, 2.01 yoletsa kugwira ntchito yomwe sunaiphunzire, ndi 4.05 ya kuulula za wodwala. Kuimbira mwini nyumba foni m'malo mwa mayi uja ndi kuuza mwini nyumbayo kuti mlendi wake amapita kwa katswiri wa maganizo. Pafunika chilolezo cholembedwa chotchula yemwe auzidwe, zomwe auzidwe, ndi tsiku lomwe chilolezocho chithere. Choopsa china ndi kupempha wodwala kuti akafotokoze nkhani yake pagulu. Munthu amene ukumuthandiza samasuka kukukanira, ndipo umboni woperekedwa ku komiti umajambulidwa n'kukhala pa intaneti mpaka kalekale. Kwa munthu wopanda mapepala okhalira m'dzikomo, kapena wothawa nkhanza za mwamuna, mphindi zitatu zimenezo zingamugwetsere nyumba. Upangiri wa zamalamulo nawonso si wanu, ntchito yanu ndi kudziwa khomo la loya.

Pali katundu wina amene salembedwa pa silabasi. M'kalasi zokambirana za tsankho, ophunzira akuda ndi ochokera kunja amasanduka aphunzitsi osalipidwa a anzawo. Wotsogolera wosadziwa ntchito amatembenukira kwa munthu mmodzi yemweyo nkhani ikafika pa mtundu wake. Ndipo mbali ina, yomwe ochirikiza maphunzirowa sakonda kuimva, ndi yakuti kalasi ikhoza kusanduka malo oti aliyense akudziwa yankho lofunidwa n'kumangolinena. Wophunzira wopemphera kapena wa maganizo ena pa ndale amatseka pakamwa, amakhoza mayeso, koma sanasinthe kalikonse. Milandu ya Jennifer Keeton mu 2011 ndi Julea Ward mu 2012, ya ophunzira uphungu amene chikhulupiriro chawo chinawombana ndi zomwe sukulu inkafuna pa kuthandiza ogonana amuna kapena akazi okhaokha, inafika mpaka kumakhoti a apilo. Sukulu yabwino imayesa zochita, ngati wodwala wathandizidwa mwaulemu ndi mwaluso, osati zomwe wophunzira wavomereza pakamwa.

Nanga umboni woti maphunzirowa amagwira ntchito? Apa ndi pofooka. Zambiri zomwe zimayezedwa ndi mafomu odziyankhira wekha, monga Social Justice Scale, ndi kucheza ndi ophunzira omwe amaliza. Zimenezi zimatiuza kuti wophunzira akudziona wokonzeka ndi wodzipereka. Sizitiuza ngati alendi anasiya kutulutsidwa. Kwa anthu omwe amanyadira kuti ndi asayansi, mpata umenewu ndi waukulu.

Ndale ndi malamulo

Mphepo yasintha ku America, ndipo aliyense woganiza zolembetsa adziwe. Mu 2016 Tennessee inakhazikitsa lamulo lolola opereka uphungu odziyimira pawokha kukana munthu chifukwa cha mfundo zomwe amakhulupirira, bola amutumize kwina, ndipo American Counseling Association inasamutsa msonkhano wake wa 2017 kuchoka ku Nashville kupita ku San Francisco. Mu 2022 dera lomwelo linaika lamulo lokhudza zomwe limazitcha mfundo zogawanitsa anthu m'mayunivesite a boma. Florida ndi Texas anatsatira mu 2023 ndi malamulo olimbana ndi maofesi ndi ndalama za DEI, ntchito zolimbikitsa kuti anthu a mitundu yonse azilandiridwa ndi kupatsidwa mwayi mwachilungamo. Mu Malichi 2025 komiti ya APA yovomereza masukulu inaimika kaye kuyang'ana zina mwa mfundo zake zokhudza kusiyana kwa mitundu ya ophunzira ndi aphunzitsi. Chotsatira chake n'chakuti mayina a makosi akusinthidwa, ndipo zomwe zinalembedwa za sukulu zaka 10 zapitazo mwina si zomwe mukapeze. Onjezani malamulo akale omwe: mabungwe osachita phindu saloledwa kuchemerera wopikisana pa chisankho, kukopa aphungu amaloledwa pang'ono chabe, ndipo wophunzira wa yunivesite ya boma sangagwiritse ntchito imelo kapena chizindikiro cha sukulu polembera phungu ngati kuti akuyankhulira sukuluyo. Sukulu yomwe siphunzitsa izi sabata yoyamba ikuponya ana ake m'madzi.

Kwa wochokera kwathu kuno pali mfundo zowonjezera. Wa visa ya ophunzira ya F-1 ayambe wafunsa kuofesi ya ophunzira akunja ngati ntchito ya kubungwe ikufuna chilolezo cha CPT, chogwirira ntchito yomwe ndi gawo la maphunziro, ngakhale ndi yosalipidwa, ndipo adziwe kuti CPT ya tsiku lonse ikakwana miyezi 12 mwayi wa OPT, chilolezo chogwira ntchito ku America ukamaliza maphunziro, umatha. Malo a internship a m'zipatala za asilikali opuma, VA, omwe ndi ambiri ndithu, amafuna nzika za America. Mu 2025 ophunzira akunja ena analandidwa mavisa, ena mwa iwo nkhani yake inali ya zionetsero, choncho bokosi la tebulo lija loyankhula pagulu lili ndi mtengo wosiyana kwa inu ndi kwa mnzanu wobadwira ku Ohio. Woyang'anira wanzeru amakupatsani ntchito ya kumbuyo, yofufuza ndi kulemba, popanda kukuchotserani malikisi.

Zobwerera nazo kumudzi zilipo, koma si zonse. Zambiri za kudziunika zimazungulira pa mbiri ya akuda ndi azungu ku America, pamene kuno mizere ya mphamvu imadutsa pa chuma, maphunziro, tauni ndi mudzi, ufumu, mpingo ndi chipani. Mapu a mphamvu aja, pempho limodzi lija ndi tsamba limodzi lija zimagwira paliponse, kungoti pa mapupo pakhala amfumu, komiti ya pachipatala ndi khonsolo. Ntchito yake siyosowa: anthu ambiri odwala maganizo amayenda mitunda italiitali kuti afike ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pamene chipatala chaching'ono cha pafupi chilibe woti awamvetsere.

Za mtengo, gawoli siligulidwa palokha, lili m'kati mwa digiri ya zaka 5 kapena 6. Ma PhD ambiri amachotsa fizi ndi kupereka ndalama yochepa ya mwezi posinthana ndi ntchito ya maola 20 pa sabata, ndipo maola a kubungwe amabwera pamwamba pa amenewo, pamwamba pa makalasi ndi odwala a pakiliniki. Thiransipoti nthawi zambiri ndi ya m'thumba mwanu, ndipo m'mizinda yopanda mabasi odalirika zikutanthauza galimoto.

Sukulu iliyonse yovomerezedwa ndi APA imaika pa webusaiti yake tebulo la zaka zomwe ophunzira amatenga kuti amalize, fizi, ndi chiwerengero cha opeza internship. Tebulolo silinena kanthu za gawo lino, ndiye mufunse nokha pa tsiku la mafunso. Pemphani silabasi ya chaka chino, osati ya kale. Funsani ngati kosiyo ndi yokakamiza kapena yosankha, ngati maola ake amalembedwa pa fomu ya APPIC ndipo amasainira ndani, ndi bungwe liti lomwe sukulu yagwira nalo ntchito zaka zoposa zitatu motsatizana. Kenako pemphani kuyankhula ndi wophunzira wa chaka chachinayi mphunzitsi palibe, mumufunse kuti chomwe gulu lake linasiya kubungwe chija akuchigwiritsabe ntchito kapena chili m'kabati.